Wojambula zithunzi amaona zimene ife odya mpunga sitiona

Nyengo ya zikondwerero ija yafikanso. Fodya tagulitsa, soya ndi mtedza zapita ndi mavenda, chimanga chili m'matumba, ndiye kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba Loweruka lililonse zokuzira mawu zili pokopoko. Uku chinkhoswe, uku ukwati, uko akuvundukula chiliza. Lero ndati tikambirane za munthu mmodzi amene amapezeka pa zonsezi koma sitimuwerengera, ndiye wojambula zithunzi. Ndinene msanga maganizo anga kuti amene atope kuwerenga atengeko kenakake. Masiku ano tikujambula kwambiri kuposa kale lonse, koma tikusunga zochepa kuposa makolo athu. Ndipo zimene tikujambulazo ndi za tsiku limodzi la keke basi, banja lenilenilo, limene limakhala zaka makumi atatu kapena anayi, likudutsa osajambulidwa.

Kuno kwathu kufupi ndi Mponela tili ndi mkulu wina amene wajambula anthu kuyambira nthawi ya Kamuzu. Dzina sinditchula, a kuno mukuwadziwa, ndipo ambiri a inu chithunzi chanu choyamba anajambula ndi iwowo. Madimba athu ndi oyandikana, ndiye tikamathirira timacheza, ndipo zambiri ndilembe panozi ndazitola m'macheza amenewo. Kale ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi, kamera ya Yashica ili pakhosi. Filimu inali ya Kodak kapena Fuji, ndipo imodzi inkatenga zithunzi 36, ina 24. Achinyamata mumve bwino apa. Kamerayo inalibe poonera kuti mwatuluka bwanji. Ukaphethira waphethira, udzadziona wekha pakatha mwezi. Wojambula ankayenera kudikira filimu yonse ithe, kenaka akwere basi kupita ku Lilongwe kukatsukitsa. Iwe unkapereka theka la ndalama pojambulitsa, theka linalo polandira.

Chifukwa cha zimenezi kujambulitsa inali nkhani yaikulu. Munthu ankasamba, kudzola Vaseline mpaka kunyezimira, kubwereka jekete kwa aphunzitsi, wotchi kwa mlamu wake. Ena ankanyamula wailesi m'manja, ena kuimika njinga pambali, kuti odzaona adziwe kuti pakhomopo panali kanthu. Ana a masiku ano mumaseka kuti agogo anu pa chithunzi aima ngati asilikali, nkhope ili gwa. Mkuluyu amati musawaseke. Munthu amene watulutsa ndalama ya nkhuku yathunthu pa chithunzi chimodzi sangayambe zibwana. Ankadziwa kuti mwina n'chokhacho chimene adzasiye padziko, ndiye ankafuna kuti zidzukulu zidzamuone ali munthu waulemu wake.

Zithunzi zakalezo zimanenanso mbiri ya dziko, ngati uli ndi maso. Onani za maukwati a zaka za m'ma 1970 ndi 1980, simupezamo mayi wovala thalauza kapena siketi yaifupi, chifukwa lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa, ndipo linachotsedwa mu 1993. Simupezamonso mnyamata wa tsitsi lalitali. M'mabokosi ena muli zithunzi za abambo athu atavala suti ndi chipewa, zojambulidwa ku Joni nthawi ya Wenela. Ankatumiza chithunzi m'kalata kuti mkazi adziwe kuti mwamuna ali moyo ndipo sanatchone. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown ku Botswana, Kamuzu anaimitsa ulendo wa Wenela. Mabanja ambiri a nthawi imeneyo ankakhala mwamuna uko mkazi kuno, ndipo kapepala kamodzi kopachika pakhoma ndi kamene kankauza ana kuti bambo anu ndi awa.

Tsono tibwere pa zimene wojambula amaona. Ife tikapita ku chinkhoswe maso amakhala pa mphika ndi pa ovina. Iye ntchito yake ndi kuyang'ana nkhope ndi manja a anthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Akabwera atsikana ofunditsidwa zitenje kuti mnyamata asankhe wake, ife timaseka akamakana woyamba ndi wachiwiri. Iye amakhala akuyang'ana mayi a mtsikanayo, amene pamenepo amakhala akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ankhoswe akamasinthana tambala ndi msoti, iye amaona kuti atsibweni awa alandira ndi manja awiri, awa alandira ngati akuwakakamiza. Akamapereka khasu, nkhwangwa ndi chikwanje kwa mwamuna, mthiko, lichero ndi tsache kwa mkazi, iye amaona amene wagwira chida mozolowera ndi amene akuchiona koyamba. Sikuti ndi mneneri ayi. Kungoti waima pamalo amodzimodziwo kambirimbiri, ndiye maso anaphunzira.

Chimene chimawapweteka mkuluyu, ndipo inenso chimandipweteka, ndi anthu amene sapezeka pa zithunzi. Amayi amene anadzuka tambala woyamba kukasonkha moto, amene anafulula thobwa masiku atatu, amene maso afiira ndi utsi wa mpunga ndi nyama, palibe amawaitana kuti bwerani mujambulitse. Agogo amene anagulitsa mbuzi yawo yomaliza kuti mdzukulu agule nsapato za ukwati amakhala pamphasa kumbuyo kwenikweni. Pa mipando yakutsogolo pamakhala abwana a kuntchito ndi anzake a mkwati ochokera m'tauni, anthu amene pakatha zaka zisanu ngakhale eni ukwati sadzakumbuka maina awo. Mukatsegula alubamu mupeza zithunzi makumi awiri za keke, khumi za galimoto yokongoletsedwa, koma agogo aja mulibe. Abale, kodi zidzukulu zidzafunsa za keke? Zidzafunsa kuti amayi a agogo anali otani nkhope, tafanana nawo ndani.

Palinso nkhani ya kaimidwe ka mabanja athu a kumudzi. Wojambula akati bambo ndi mayi imani pamodzi, amaima motalikirana mwakuti mbuzi ikhoza kudutsa pakati. Akati sunthani pang'ono, amasuntha chala chimodzi. Inu a m'tauni mukaona mumati aaa, anthu awa sakondana. Mkuluyu amati chikondi chilipo, koma chimaoneka kamera isanalire. Amaona mayi akukonza kolala ya jekete la mwamuna wake mwachangu anthu asanaone. Amaona bambo akusiya mpando kuti akhalepo mayi chifukwa mwendo ukuwavuta. Amamva bambo akunong'ona kuti muwajambule bwino a NaPhiri, ine olo ndisaoneke. Ife tinakula osagwirana manja pagulu, mkazi wako sumutchula dzina lake, umati amake uje kapena kumutchula ndi mfunda wake. Chikondi chathu chili m'kusiyirana chiwindi cha nkhuku, m'kudikirana pobwera kumunda, m'kugona pansi m'chipatala mnzako akagonekedwa. Zimenezi pa chithunzi cha ukwati sizituluka.

Sindikunena kuti achinyamata amene amakumbatirana pa zithunzi ndi achinyengo. Ambiri akukondanadi, ndipo zimasangalatsa kuwaona. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wojambulayu wajambulapo maukwati amene zithunzi zake zinali ngati za m'magazini, koma asanamalize n'kutsuka komwe anamva kuti mkazi wabwerera kwawo. Wajambulaponso ena amene mkwati anavala jekete lobwereka lalikulu ngati thumba la fetereza, koma mpaka lero ali limodzi, akulera zidzukulu. Ndiye mukaona zithunzi za anzanu pa Facebook musayambe kunyoza mwamuna wanu kapena mkazi wanu kuti ife bwanji sitili chonchi. Chithunzi chimagwira kamphindi kamodzi, pamene banja ndi m'mawa uliwonse.

Pali zina zimene kamera imaona zimene si zoseketsa. Mkuluyu amati kale anajambulapo akwatibwi ena amene ukawayang'anitsitsa unkaona kuti ndi ana. Mwambo wathu umati mkwatibwi aziyang'ana pansi, asaseke, ndiye mwana akamalira pansi pa velo anthu ankati ndi ulemu. Lero zimenezo ndi mlandu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso zoti makolo avomereza. Iwo amati masiku ano akaitanidwa n'kupeza kuti mtsikanayo ndi wa sukulu ya pulaimale, amalongedza kamera n'kubwerera. Ine ndikuti akuchita bwino, ndipo ophika, oimba ndi ife odzadya tizichitanso chimodzimodzi. Aonaponso mayi pa ubatizo wa mwana akupempha kuti mundijambule mbali iyi, chifukwa diso linalo latupa. Mawu oti banja ndi kupirira timawakonda, koma kupirira njala ndi matenda limodzi n'kosiyana ndi kupirira zibakera. Ankhoswe ntchito yanu sinathere pa tambala paja. Zikakukanikani, lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Tsopano mumve chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Munthu akamwalira, achibale amathamangira kwa wojambula usiku, kugogoda kuti agogo, mulibeko chithunzi cha malemu? Akufuna choika pa bokosi, pa pulogalamu ya maliro, kapena pa chiliza. Nthawi zambiri chimene chimapezeka ndi cha pa chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017, munthu atakhala pa mzere tsiku lonse, nkhope yotopa, maso ali tong'o. Mayi amene anabereka ana asanu ndi atatu, amene anavina chimtali mpaka fumbi kobo, amene kuseka kwake kunkamveka kutsidya kwa dambo, n'kutsala ndi kachithunzi kakang'ono ngati chidindo. Pamene ana ake onse ali ndi mafoni a kamera m'matumba. Zimenezi zikuchitika m'midzi yathu ino mwezi ndi mwezi, ndipo ine ndikuti ndi zamanyazi.

M'nyumba mwa mkuluyu muli katoni ya zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Zambiri ndi za zaka za m'ma 1990, pamene matenda aja anatisesa mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Zina ndi za nthawi ya njala ya 2002, imene ife a ku Dowa sitidzaiwala. Munthu ankajambulitsa, kupereka theka, chithunzi chisanabwere kuchokera ku Lilongwe iye wapita. Mkuluyu sanataye ngakhale chimodzi. Amati mpaka lero kumabwera anthu akuluakulu a ndevu zawo, amene anakula ndi agogo, kudzafunsa ngati nkhope ya mayi awo ilimo. Ena amaipeza, amakhala pansi pakhonde nthawi yaitali osayankhula. Ena saipeza. Amene munakula mukuona makolo anu onse awiri simungamvetse kuti kapepala kotere kamalemera bwanji.

Wina anena kuti bambo inu mwatsalira, zithunzi zili m'foni. Chabwino. Ndikufunseni, foni imene muli nayo lero ndi yachingati? Yoyamba ija ili kuti? Ina inagwera m'chitsime, ina anaba pa depoti ku Lilongwe, ina inangozima osayakanso, ina munapita nayo kwa okonza n'kuifufuta zonse. Memore khadi imafa osatsanzika. Zithunzi za pa WhatsApp timazifufuta tokha foni ikadzadza, ndipo zimafika zitachepetsedwa kale mwakuti ukafuna kukulitsa zimatuluka mbuu. Ndikudziwa mabanja amene anachita ukwati zaka zisanu zapitazo, anthu mazana anajambula, koma lero alibe chithunzi ngakhale chimodzi. Pamene cha makolo awo cha 1985 chikadali pakhoma. Foni sindikuida, ndi imene ndikulemberapo panopa. Ngakhale kampani ya Kodak ija inagwa mu 2012 chifukwa dziko linasiya filimu, ndiye palibe angabwezere nthawi m'mbuyo. Koma foni ndi thumba lobooka, simungasungiremo mbewu.

Pepala nalonso lili ndi adani ake, tisanamizane. Chiswe chimadya, makoswe amadya, denga likadontha zithunzi zimamatana, moto wa nyumba ya udzu sufunsa. Abale athu a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, anataya anthu, nyumba ndi chilichonse, zithunzi zomwe. Amene anali atatumizako kwa achibale kwina ndi amene anapezako nkhope za okondedwa awo. Ndiye nzeru ndi yofanana ndi ya mbewu. Mlimi wochenjera sasunga mbewu yonse m'nkhokwe imodzi. Chithunzi chofunika chikhale papepala kuno kumudzi, china kwa mwana ku tauni, ndipo achinyamata odziwa za intaneti achisungenso kumeneko.

Ndikudziwa kuti ena mukuti chithunzi si ndiwo. Zoona. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la fetereza likutilizitsa tonse, ndipo munthu amene alibe ufa sindingamuuze kuti thamangira kwa wojambula. Koma ndikuyankhula ndi ife amene tikupeza ndalama yochitira ukwati. Timapeza ya DJ, ya magalimoto asanu, ya nsalu ya yunifomu ya mbumba yonse, ya zokongoletsa zimene madzulo omwewo amazimasula n'kupita nazo. Zonsezi zimatha tsiku lomwelo. Ndalama ya kireti imodzi ya zakumwa ikhoza kutsukitsa zithunzi zingapo zimene zidzakhalepo ife titapita. Ndiye vuto si umphawi wokha, ndi mmene timaikira zinthu pa mndandanda.

Ndipo apa pali zodabwitsa. Maukwati ambiri masiku ano akukonzedwera kamera, koma zithunzi zake osasungidwa. Tikufuna holo yooneka bwino, madiresi atatu osintha, keke ya nsanjika, kuti anthu a pa Facebook aone. Ndalama zake n'zakatapila, zina za banki m'khonde, zina ndi zija timayenera kugulira fetereza. Mkuluyu amati nthawi ya perekaniperekani amayang'ana nkhope ya mkwati. Anthu akuvina, ndalama zikuuluka, koma mkwati maso ali pa beseni, akuwerengera mumtima ngati zikwane kubweza ngongole. Ikafika Januwale chimanga chili chachikasu m'munda, m'nyumba mwayamba mikangano. Ana anga, ukwati wa anthu makumi asanu, thobwa ndi nkhuku zochepa, ndi ukwati ndithu. Abusa kapena ansembe amadalitsa chimodzimodzi. Anthu amene mukufuna kuwagometsawo Lolemba amakhala ataiwala, akuona za ena.

Chinanso, wojambula mukamuitana muzimulipira. Pali chizolowezi choipa chonena kuti bwerani mudzatijambule, mudzadya mpunga. Mpunga amakagulira inki ndi mapepala? Ena amajambulitsa mokakamiza, ndijambuleni ndi uyu, ndijambuleninso ndi uyo, zithunzi zikatuluka akuti ndilibe ndalama, kapena akuti ndada kwambiri, ngati wojambula ndi amene anawalenga. Munthuyu amaima tsiku lonse padzuwa, amadya anthu onse atamaliza, pena osadya n'komwe. Ndi mmisiri ngati womanga nyumba kapena telala. Ndipo inu a mafoni, nthawi yovekana mphete musamaime kutsogolo kwake. Eni ukwati alipira kuti aone nkhope zawo, osati misana yanu.

Kwa inu abale a m'tauni ndili ndi pempho lapadera. Mukabwera kumudzi mumakonda kujambula agogo ali kumoto, chitenje chong'ambika, kenaka n'kuika pa Facebook ndi mawu oseketsa. Agogowo sadziwa kuti anthu zikwi akuwaona. Mukadawafunsa akadati dikira mwanawe ndisambe, ndivale nsalu yanga ya Chigwirizano. Munthu aliyense amafuna kuoneka ndi ulemu wake. Pa maliro ndiye zafika poipa, ena akujambula nkhope ya malemu ndi anamfedwa akulira n'kumwaza m'magulu a WhatsApp, wachibale wakutali n'kumva uthenga wa imfa kudzera pa chithunzi. Kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo lokhudza zochitika pa intaneti, ndipo kuzunza kapena kunyoza munthu kumeneko ndi mlandu. Koma tisadikire lamulo, umunthu wokha ukwanira. Pemphani kaye. Ndipo si chithunzi chilichonse choyenera dziko lonse, zina ndi za banja basi.

Chithunzi chimakhalanso mboni. Lamulo la 2015 lija limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wachikhalidwe womwe. Koma ukwati wachikhalidwe umadalira ankhoswe, ndipo ankhoswe amamwalira, ena amaiwala mwadala. Taonapo mwamuna atamwalira, achibale ake n'kunena kuti mkaziyu sitikumudziwa, anangolowana, cholinga atenge malata ndi ng'ombe. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011. Chithunzi sichilowa m'malo mwa mtchatho, ndiye amene mungathe kalembetseni ukwati wanu ndipo pepalalo mulisunge bwino. Koma chithunzi cha chinkhoswe choonetsa atsibweni a mbali zonse atagwira nkhuku, kumbuyo kwake kutalembedwa maina ndi tsiku, chimatseka pakamwa anthu ambiri pabwalo la amfumu.

Nanga tijambule chiyani? Ine ndikuti tijambule banja lili pa ntchito yake, eni ake atavomera. Bambo ndi mayi akusoka fodya m'chigafa. Akutonola chimanga pakhonde madzulo, wailesi ikulira. Mayi akupeta, bambo akukonza njinga. Agogo atanyamula mdzukulu tsiku lotuluka m'chikuta. Mwana tsiku loyamba kupita ku Sitandade 1, yunifomu yofika m'maondo. Anyamata a mganda atavala zoyera zawo. Jambulani nkhokwe, mtondo ndi munsi, ngolo ndi ng'ombe zake, chifukwa zinthu zimenezi zikutha tikuona. Nkhokwe zasanduka matumba a m'chipinda, mtondo walandidwa ntchito ndi chigayo. Mwana wobadwa lero ku Area 25 adzafuna kudziwa kuti kwawo kunali kotani. Ndipo kamodzi pa chaka, mukakolola, imani banja lonse kutsogolo kwa nyumba yanu mujambulitse chimodzi. Pakatha zaka khumi mukaziika pamzere mudzaona ana akukula, udzu ukusanduka malata, mtengo wa mango ukutalika, ndi ena amene anali pamzerewo atachokapo.

Mkuluyu anandipatsako malangizo oti ndikuuzeni inu ojambula ndi foni. Musajambule anthu masana dzuwa lili paliwombo, maso amalowa mumdima ndipo anthu amatsinzina. Nthawi yabwino ndi m'mawa kapena chakumadzulo, apo ayi aimikeni pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde. Dzuwa kapena zenera lisakhale kumbuyo kwa munthu, atuluka bii ngati chithunzithunzi. Diresi loyera limanyenga kamera, imaona kuwala kwa nsalu n'kudetsa nkhope, ndiye dinani pankhope pa sikirini musanajambule. Pukutani kagalasi ka kamera, kamakhala ndi mafuta a m'manja. Yandikirani ndi miyendo, osamangokoka ndi zala. Mwana mujambuleni mutagwada, mufanane naye msinkhu. Ndipo okalamba musawalamule kuti sekani. Afunseni za mmene anakumanirana, kaya kunali kudambwe la mpira, kuchigayo kapena kukwaya, muona okha ayamba kumwetulira.

Zosunga nazo n'zosavuta. Pa zithunzi mazana za m'foni sankhani khumi zokha mukatsukitse pa Mponela pompa kapena m'tauni. Kumbuyo lembani ndi pensulo maina onse, mudzi ndi chaka, chifukwa bolopeni imadutsira kutsogolo. Musalembe kuti amayi basi, lembani dzina ndi mfunda, popeza wodzawerengayo sadzadziwa kuti amayi ake a ndani. Ikani m'pulasitiki, m'chitini chotseka bwino, pamwamba posafika chinyezi. Chopachika pakhoma chisayang'ane dzuwa, zamakala zija zimafiira n'kufufutika msanga kuposa zakuda ndi zoyera. Chithunzi chakale chimene chilipo chimodzi chokha musachimatitse pulasitiki ya moto, mukamata simudzamatulanso. Chijambuleni kaye, mutsukitse china, chimenecho ndiye mumatitse. Ndipo pitani kwa okalamba akadali moyo akuuzeni maina a anthu amene ali pa zithunzi zakale. Akapita iwowo, zithunzizo zisanduka za alendo.

Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, ambiri mubwera ndi zitenje ndi shuga. Zikomo, muzibwera nazo ndithu. Koma chaka chino onjezani chimodzi. Akhazikeni amayi ndi abambo pamodzi, avale zimene akufuna okha, muwajambule bwinobwino, kapena muitane wojambula wa m'dera mwanu mumulipire. Ngati abambo anatsogola, ajambuleni amayi ndi azichemwali awo. Mukabwerera ku tauni katsukitseni ziwiri, chimodzi chanu, chinacho mutumize kuno pa minibasi kapena mudzabwere nacho pa Khirisimasi. Okalamba ambiri m'mudzi muno ajambulidwa kambirimbiri ndi mafoni a ana awo, koma sanagwirepo chithunzi chawo m'manja.

Amene muli ndi zithunzi zakale za m'mudzi muno, za maukwati, za mganda, za ku Wenela, ndiuzeni tidzazione limodzi ndi akuluakulu tilembe maina nthawi ikadalipo. Amene simukugwirizana nane nenani momasuka, mutu umodzi susenza denga. Ndatha ine mlimi mnzanu, ndikupita kudimba tomato asanafote.